Dzanzi

Mayi amamuzindikira mwana wake ngakhale pa mawu okha. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, chaka cha 2017, mlongo wanga adafika kunyumba kwanga ku Ntcheu mame asanakamuke, foni ataimangirira kunsonga ya chitenje. Moni tidapatsana wachidule. Atakhala pamkeka adati, "Achimwene, mwana wanu uja ku Joni sali bwino. Akamayankhula mawu akutulukira m'mphuno ngati munthu wa chimfine, komatu chimfine chakecho chatha miyezi inayi. Pa zithunzi zomwe akutumiza masiku ano sakusekanso. Inu ndinu mwini mbumba, pitani mukamuone."

Ine ndidayesa kumukhazika mtima pansi. Ndidamuuza kuti mwezi wa Juni ku Johannesburg kumazizira koopsa, kotero kuti chimfine sichichedwa kubwerera mwa munthu. Iye adangopukusa mutu. "Ndidamubala ndine," adatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnyamatayo, mwana wachisamba wa mlongo wangayo, adapita ku South Africa m'chaka cha 2012 atangolemba mayeso a Fomu 4. Adapeza ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina, ndipo pasanathe zaka ziwiri nyumba ya mayi ake idafoledwa ndi malata. Pamudzi ponse ankamutchula monga chitsanzo cha mwana wokumbuka kwawo. Ine ndinkamukumbukira ndi chinthu chimodzi: mano. Adali ndi mano oyera mbee, ondondozana bwino, ndipo ali mwana ankasenda nawo nzimbe ngati akusenda nthochi. Akaseka, ngakhale iwe wokwiya umapezeka waseka nawo.

Ndidakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, kenaka Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Nditatsika pa Park Station ndidamupitirira osamuzindikira. Ndiye adandigwira pamkono nati, "Amalume, mwayenda bwanji?" Adali ataonda, masaya atalowa, ndipo poyankhula dzanja lidali pakamwa. Mawu akewo adalidi monga adanenera mayi ake, ofooka ndi otayikira m'mphuno.

Ankakhala m'kachipinda kena ku Yeoville. Titafika adandiphikira tiyi, naye n'kudzithirira wake. Atangomwa kamodzi, tiyi uja adatulukira m'mphuno n'kudonthera pamalaya. Adatembenukira kukhoma mwachangu, kupukuta, n'kuseka pang'ono pakamwa ali chitsekere. Adati ndi vuto la m'mphuno lobwera chifukwa cholowalowa m'chipinda chozizira chosungira nyama kuntchito kwawo. Usiku sindidagone. Pamphasa ya pambali panga pankamveka phokoso ngati la mbuzi yobzikula: mnyamatayo ankakukuta mano mpaka mbandakucha.

Kutacha ndidamulamula kuti ayasamule, ine n'kuunika ndi tochi ya pafoni. Zomwe ndidaona sindidzaiwala. Kumwamba kwa m'kamwa kudali bowo lalikulu ngati njere ya nyemba, lolowera m'mphuno, ndipo adali atalitseka ndi chingamu. Nkhama za mano am'mwamba zidali zitathawa, mizu ya mano ili poyera. Mano akutsogolo aja adali atafupika ndi kuphwatalala ngati apalidwa ndi tupa, ena atada m'tsinde. Pambali pa dzino lina panali potupa, pakutuluka mafinya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zoposa 30, koma ndivomere pano kuti ganizo loyamba kundifikira lidali la ufiti. Ndidakumbukira malata aja ndi maso a anthu apamudzi. Ganizo lachiwiri lidali la chindoko, lachitatu la khansa. Za mankhwala osokoneza bongo sindidaziganize n'komwe, chifukwa kwa ine zimenezo zidali za m'mafilimu ndi za ana a anthu ena.

Tsiku lomwelo tidapita kwa dokotala wa mano, ine nditatsimikiza mtima kuti kangachepe ka penshoni komwe ndidatenga kathere pomwepo. Adali mayi wamsinkhu ndithu, woyankhula modekha. Atamugoneka pampando uja ndi kuyatsa nyali, adayang'ana m'kamwa nthawi yaitali, kenaka adaunikanso m'mphuno. Adavula magolovesi, kukoka kampando ndi kukhala pafupi naye. Funso lomwe adafunsa lidandidzidzimutsa.

"Kokeni mwamugwiritsa ntchito liti komaliza?"

Mnyamata adandiyang'ana, n'kuyang'ana kudenga. Adati iye zimenezo sazidziwa.

Adokotala sadakweze mawu. Adati, "Ine si wapolisi, ndiponso si m'busa. Dzino lili ndi mafinyali liyenera kuzulidwa, ndipo kuti ndilizule ndiyenera kukubayani jakisoni wochititsa dzanzi. M'jakisoni ameneyu mumakhala mankhwala otchedwa adrenaline, omwe amathandiza kuti dzanzi likhalitse ndiponso kuti magazi asatuluke ambiri. Kokeni amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo amachititsa kuti thupi limve mphamvu ya adrenaline mopitirira muyeso. Ziwirizi zikakumana, mtima ukhoza kusokonekera muli pampando pomwepa. Mukandinamiza, amene mukumuika pachiswe ndi inu nomwe. Ngati mukuchita manyazi ndi bambowa, atuluke."

Ndidayamba kudzuka. Koma iye adatambasula dzanja nati, "Amalume, khalani." Padapita kanthawi m'chipindamo muli zii. Kenaka adayankhula motsitsa, "Usiku wathawu. Amalume atagona."

Ndidamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Ine ndili maso pamphasa kumvetsera kukukuta kwa mano, ndikumumvera chisoni, osadziwa kuti pomwe adatuluka kunena kuti akupita kuchimbudzi paja adali pa ntchito imeneyo.

Adokotala adangoti, "Zikomo pondiuza zoona." Adamuyeza kuthamanga kwa magazi napeza kuti kudali kokwera. Adafotokoza kuti madokotala a mano sagwira ntchito yotere pa munthu amene wangogwiritsa ntchito kokeni. Amadikira maola osachepera 6, ndipo ambiri amakonda kudikira maola 24 athunthu. Adamupatsa mankhwala olimbana ndi mafinya aja ndi ochepetsa ululu, namuuza kuti abwerenso pakapita masiku awiri, thupi lili loyera. "Mukalephera kudziletsa, bweranibe, koma mudzandiuze," adatero.

Asanatitulutse adatenga kalilole ndi kumupatsa mnyamatayo kuti adzionere yekha, ine ndikuyang'ana pambali. Adatiphunzitsa monga mmene ndinkaphunzitsira ana m'kalasi, chinthu chimodzi pa nthawi. Kokeni, adatero, amathinitsa mitsempha ya magazi. Munthu akamamufwenkha kawirikawiri, mnofu wa m'mphuno umasowa magazi ndipo umayamba kufa. Choyamba kubooka ndi kakhoma kolekanitsa mabowo awiri a mphuno; zikapitirira, fupa lolekanitsa mphuno ndi m'kamwa nalo limadyeka. Ndiye bowo lija. Ufa wotsala, ambiri amaupaka m'nkhama ndi chala, ndipo pamenepo nkhama zimachita zilonda, kuthawa, fupa logwira mano n'kumaphwa. Ufawo ukasakanikirana ndi malovu umasanduka asidi amene amanyambita chikuto cholimba cha dzino. Pamwamba pa zimenezi, kokeni amaumitsa m'kamwa, pomwe malovu ndiwo amatsuka ndi kuteteza mano usana ndi usiku. Amaumitsanso nsagwada, munthu n'kumakukuta mano ali m'tulo ngakhale ali maso. Dzino lofewetsedwa ndi asidi, louma, n'kumakhuzidwa ndi linzake usiku uliwonse, lingapirire mpaka liti?

Titatuluka, mkwiyo udandikwera mpaka pakhosi. Ndidali nditakonza kale mawu: za mayi ake olima ndi khasu, za dzina la banja, za ndalama zothera mu ufa. Kusukulu ana ankandiopa chifukwa cha lilime langa, ndipo tsiku limenelo ndidafuna kulitulutsa lonse. Tidayenda chinunu mpaka pokwerera minibasi. Ndisanatsekule pakamwa, iye adayamba.

"Amalume, mukudabwa kuti ndidalekerera bwanji mpaka kufika apa. Sizinkawawa. Dzino likayamba kupweteka ndinkapaka pang'ono, ululu n'kutha. Ndinkayesa ndikudzichiza."

Mawu anga onse aja adabwerera m'mimba. Adandiuza mmene zidayambira. Ntchito ya mu lesitilanti inkatha usiku kwambiri, ndipo iye ankalowanso ina m'mawa kuti ndalama zotumiza kumudzi zikwane. Mnzake wina wa pantchito adamupatsa kaufa kuti tulo tichoke ndi miyendo ipepuke. Poyamba kadali ka Loweruka lokha, kenaka ka masiku otanganidwa, mapeto ake ka tsiku lililonse. Malata omwe tinkanyadira aja, ena mwa iwo adagulidwa ndi tulo tomwe mwanayu sadagone. Ifetu kumudzi tinkangolandira, osafunsa kuti munthu mmodzi akukwanitsa bwanji zonsezi. Pamenepa ndidaona kuti chala chomwe ndinkafuna kumuloza nacho chidali ndi zinzake zitatu zoloza ine.

Uphunzitsi sutha. Usiku umenewo ndidabwereka foni yake ndi kuyamba kuwerenga za mdani amene adalowa m'banja mwathuyu. Zomwe ndidapeza zidandisiya kukamwa kuli yasa. Kokeni amachokera ku masamba a chitsamba chotchedwa coca, cha m'mapiri a Andes ku South America, chomwe chimalimidwa kwambiri ku Colombia, Peru ndi Bolivia. Eni dzikolo akhala akutafuna masambawo kuyambira kalekale. M'chaka cha 1860, Albert Niemann wa ku Göttingen m'dziko la Germany adakwanitsa kupatula ufa wake, ndipo adaona kuti ukakhudza lilime umachititsa dzanzi. Mu 1884 dokotala wa maso wa ku Vienna, Karl Koller, adaonetsa kuti kokeni akhoza kuchititsa dzanzi diso, munthu n'kuchitidwa opaleshoni ali maso. Chaka chomwecho, ku New York, William Halsted ndi mnzake Richard Hall adayamba kubaya kokeni pafupi ndi mitsempha yomvera ululu, kuphatikizapo mtsempha wa m'nsagwada ya m'munsi. Jakisoni amene dokotala wa mano amakubayani lero kumapeto kwa nsagwada, mbali imodzi ya chibwano n'kuchita dzanzi, chiyambi chake n'chimenecho.

Tangoganizani: mankhwala omwe adayamba kuchititsa dzanzi pampando wa dokotala wa mano ndi omwewo adabweretsa mwana wa mlongo wanga pampandowo. M'chaka cha 1885 ku America kunkagulitsidwa timadontho ta kokeni toletsa kupweteka kwa dzino pa mtengo wa masenti 15, ndipo pa chithunzi chotsatsira malondawo padali ana akusewera. Halsted ndi Hall, poyesera mankhwalawa pa matupi awo, onse awiri adakodwa. Halsted adadzakhala dokotala wamkulu wa opaleshoni pa chipatala chotchuka cha Johns Hopkins, koma nkhondo yolimbana ndi chibaba cha mankhwala adakhala nayo mpaka imfa yake mu 1922. Madokotala ataona kuopsa kwake adafunafuna mankhwala ochititsa dzanzi koma osakola munthu. Mu 1905 kudabwera Novocain wa Alfred Einhorn, ndipo mu 1943 ku Sweden kudapangidwa lidocaine, amene ndiye amagwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano. Nditawerenga za Halsted ndidayang'ana mnyamata ali gone pamphasa. Ngati munthu wophunzira chotere adagwa m'mbuna imeneyi, ine ndidali yani kuti ndinene kuti mwanayu adagwamo chifukwa cha uchitsiru?

Ndidapezanso kuti ufa wogulitsidwa m'misewu sukhala kokeni yekha. Ogulitsa amathiramo zina kuti uchuluke. Ena amathira benzocaine kapena lidocaine yemwe uja, n'cholinga choti wogula akalawa m'nkhama amve dzanzi lamphamvu, ayese wapeza katundu weniweni. Ena amathira levamisole, mankhwala ophera njoka za m'mimba mwa ng'ombe ndi mbuzi, omwe mwa munthu amatha kuchepetsa asilikali a m'magazi, zilonda n'kumakanika kupola. Motero dzanzi lomwe mwanayu ankalikhulupirira monga umboni wa mankhwala abwino, nthawi zina lidali bodza la wamalonda.

Masiku awiri aja adali aatali kuposa ulendo wa pabasi. Ndidakhala naye ngati mlonda. Adagona maola ambiri, akadzuka ali wokwiya, kenaka n'kumalira popanda womuputa. Ndidamuphikira phala, ine amene kunyumba sindidziwa pomwe pamakhala mthiko. Tsiku lachitatu tidabwerera, ndipo adokotala adafunsanso funso lomwe lija. Adayankha kuti sadakhudze. Atamuyeza magazi, adamubaya jakisoni ndi kuzula mano awiri. Funso limenelo lidakhala ngati moni wawo: ulendo uliwonse, asanayatse nyali, ankayamba nalo.

Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkaganiza kuti m'kamwa mukonzedwa ngati mmene amakonzera galimoto, kulowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Adokotala adati ntchito yotere ili ndi ndondomeko yake. Choyamba n'kuthetsa mafinya ndi ululu. Chachiwiri n'kutsimikiza kuti bowolo labweradi ndi kokeni, popeza chindoko chokhalitsa, khansa ndi matenda ena a mitsempha ya magazi nawo amaboola malo omwewo. Choncho adatitumiza ku chipatala chachikulu komwe adamuyeza magazi ndi kudula kamnofu kuti akakaunike. Zotsatira zitabwera kuti si khansa, ndidapemphera m'khonde la chipatalacho osasamala za odutsa. Chachitatu n'kuletsa kuola kuti kusapitirire: kupala zokanirira m'tsinde mwa mano, kupaka mankhwala a fluoride olimbitsa mano, ndi kumata mabowo ndi zomatira zongoyembekezera. Pa mano 32 omwe munthu wamkulu amakhala nawo, iye adataya asanu.

Zina zidali zoti azichita yekha, ndipo zidali zazing'ono moti munthu akhoza kuzipeputsa. Mswachi wofewa, kawiri pa tsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wambiri kuposa a m'golosale. Akatsuka, kulavula kokha osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo akhalire pa mano. Kumwa madzi pafupipafupi, kutafuna chingamu chopanda shuga kuti malovu abwere, ndi kusiya zakumwa zotsekemera zomwe ankathetsera kuuma kwa kukhosi. Usiku ankavala kapulasitiki kophimba mano kuti akamakukuta asamakhuzane. Nditafunsa za mano obzala m'fupa omwe ndidamva kuti kumeneko amaika, adokotala adaseka pang'ono nati, "Bambo, kodi mumamanga nyumba ya njerwa pa nthaka yomwe ikugumukabe?"

Yankho lomwelo ndi lomwe madokotala a opaleshoni adapereka pa za bowo lija. Kulitseka ndi mnofu n'kotheka, koma mnofu wosokererawo umafuna magazi kuti ugwire, ndipo munthu akabwerera ku kokeni umafa, bowo n'kutsekuka mokula kuposa kale. N'chifukwa chake amayamba aona kuti munthu wakhala miyezi yambiri osakhudza. Poyembekezera, amapanga kachipangizo ka pulasitiki kotchedwa obturator, kokwana bwino kumwamba kwa m'kamwa, kogwira ku mano ndi timawaya, komwe kamatseka bowolo. Adamudinda m'kamwa ndi phala lina louma msanga, ndipo patapita masabata atatu tidaitanidwa.

Tsiku limenelo ndimalikumbuka kuposa ena onse. Adokotala adalowetsa kachipangizoko, kukachotsa, kukapala pang'ono, kukabwezeranso. Pa iko adali ataikaponso mano oikirira m'malo mwa ozulidwa aja. Kenaka adamupatsa kapu ya madzi. Adamwa mwamantha, dzanja lili chire pansi pa mphuno. Palibe dontho lomwe lidatuluka. Adamwa kapu yonse, n'kupempha ina. "Tayankhulani," adatero adokotala. Iye adanditembenukira nati, "Amalume, mukundimva?" Adali mawu ake enieni, omwe ndidawamva komaliza pomuperekeza pa siteji ya basi mu 2012.

Madzulo ake tidayenera kuimbira mayi ake. Ine ndidali nditakonza bodza labwino: tinena kuti adali matenda a m'mphuno, madokotala achiza, basi. Ndinkati ndikuteteza mtima wa mlongo wanga, koma kunena zoona ndinkateteza nkhope yanga pamudzi. Nditamuuza mnyamatayo, adakana. "Amalume, bodza likadandipha pampando paja. Ndikayambanso kunama kwa amayi, ndiye kuti ndayambanso zonse." Adatenga foni n'kutuluka panja. Adakhalitsa. Pobwera maso adali ofiira, ndipo adati mayi ake akufuna kuyankhula nane. Mlongo wanga sadanene zambiri. "Achimwene, mawu ake abwerera. Zinazo tilimbana nazo."

Akuluakulu adati ukabisa matenda maliro tidzamva. Mwambi umenewu ndidaudziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinkaugwiritsa ntchito podzudzula odwala. Ku Johannesburg ndidaphunzira kuti uli ndi mbali ina yoyang'ana ife osadwalafe. Munthu amabisa matenda poona nkhope za omuzungulira. Adokotala aja adapeza choonadi m'mphindi zochepa, chomwe ine malume wake sindikadachipeza ngakhale pa mwezi, chifukwa iwo adafunsa kuti athandize, pomwe ine ndikadafunsa kuti ndiweruze. Anthu ambiri ogwiritsa ntchito mankhwalawa amathawa dokotala wa mano mpaka zinthu zitafika poipa, podziwa kuti m'kamwa simubisa kanthu. Akafika n'kulandiridwa ndi chipongwe, sabweranso. Koma kawirikawiri dokotala wa mano ndiye woyamba kuona zizindikirozi, abale ndi abusa asanadziwe kalikonse.

Sindikufuna kukunamizani kuti kachipangizo ka pulasitiki kadachiza zonse. Dokotala wa mano amakonza zomwe kokeni waononga, koma sangachotse chibaba. Iwo omwe adanena zimenezi poyera, ndipo adamulumikiza ndi alangizi othandiza anthu ofuna kusiya mankhwala osokoneza bongo. Adayambanso kupita ku misonkhano ya gulu la Narcotics Anonymous, komwe anthu a vuto limodzi amalimbikitsana. Ntchito yachiwiri ija adaisiya, ndipo ine ndidauza abale kumudzi kuti ndalama zichepa, aliyense agwire khasu lake. Nditakhala masabata asanu ndi limodzi ndidabwerera kumudzi.

Patatha miyezi inayi foni idalira pakati pa usiku. "Amalume, ndagwa." Adali atapita ku phwando la mnzake, ndipo zidachitika. Lilime langa lakale lidafuna kudzuka, koma ndidakumbukira mayi uja atakhala pa kampando, magolovesi atavula. Ndidati, "Zikomo pondiuza zoona. Mawa upite ukawauzenso adokotala." Adapita. Adaimitsa ntchito yomwe idayenera kuchitika tsikulo, kuwerenga kwa miyezi n'kuyambiranso pa chiyambi.

Mu 2019 adaganiza zobwerera kumudzi, kutali ndi misewu yomwe ankadziwa khomo lililonse logulitsa ufa. Nkhawa yanga idali pa chisamaliro, chifukwa kwathu kuno ambirife timadziwa chipinda cha mano monga malo ozulira basi, ndipo timapitako tsaya litatupa kale. Madokotala a mano ndi ochepa, moti ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi madokotala othandizira. Chaka chomwecho cha 2019 ndi pomwe dziko lathu lidayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ndimalakalaka achinyamata otuluka kumeneko atamaphunzira kufunsa funso lija mopanda kunyoza, pakuti ana athu opita kunja ndi ambiri, ndipo si onse amene amabwera ndi malata okha.

Lero mnyamata uja ndi bambo wa mwana mmodzi, ndipo ali ndi kagolosale pa msika wa kwathu. Opaleshoni yotseka bowo sadachitebe. Ndalama zake n'zambiri, ndipo iye akuti adazolowerana nako kachipangizo kake. Usiku amakachotsa, kukatsuka ndi kukaika m'kapu ya madzi, ndipo pakapita nthawi amapita ku Blantyre kuti akakaunike ngati kakukwanabe. Nzimbe sasendanso ndi mano. Chimanga chootcha mayi ake amachita kumukonolera m'mbale, monga ankachitira ali kamwana. Akaseka, ena mwa mano omwe mumaona ndi apulasitiki, koma dzanja salibweretsanso pakamwa.

Mwezi wathawu adandipeza ndili pakhonde, atagwira tsaya. "Amalume, dzino ili likuwawa kuyambira dzulo. Mawa ndilawirira ku chipatala, mundiyang'anireko golosale." Ndidavomera. Atachoka, mayi a kunyumba adandifunsa chomwe ndinkamwetulira pomwe mwana akumva ululu. Ndidalephera kuwafotokozera bwino. Ndidangoti, "Akumva kuwawa, ndipo wanena."